Kambale Nambala 214

Lolemba m'mawa ndinatsegula kabati yofunditsira tizilombo, n'kutulutsamo timbale khumi ndi tiwiri, ndipo ka nambala 214 kanandisangalatsa moti ndinavina ndekhandekha m'labu, magolovesi ali m'manja. Ndayamba ndi zimenezi dala, kuti musafulumire kundimvera chisoni.

Ntchito yanga si yovuta kufotokoza, ngakhale abale anga anakaniratu kuimvetsa. Ndikuchita digiri yachiwiri ya sayansi ya zamoyo, ndipo kafukufuku wanga ndi wa tizilombo tosamva mankhwala. Namwino wathu wa kafukufuku amapita m'mawodi a chipatala chachikulu, chimene chili kutsidya kwa msewu kuchokera ku labu yathu, n'kupempha odwala matenda a chikhodzodzo ndi impso kuti apereke mkodzo. Wovomera amasayina fomu. Timabotolo timandipeza tili ndi nambala yokha. Ine ndimadzala tizilombo ta mumkodzomo pa timbale ta pulasitiki, n'kuyala pamwamba pake timapepala toyera tozungulira tisanu ndi titatu, kalikonse konyowetsedwa ndi mankhwala akeake. Mankhwala akakhala amphamvu, tizilombo timatalikira, ndipo kuzungulira kapepalako pamakhala bwalo loyera ngati pamene asesa. Akakhala ofooka, timamera mpaka kukhudza kapepalako, popanda ulemu n'komwe.

Pa kambale ka 214 tizilomboto tinakwera timapepala tisanu ndi tiwiri. Bwalo linali limodzi lokha, pa mankhwala aja amene chipatala chimasunga mokhoma, otuluka pokhapokha dokotala wamkulu atasayina. Chaka chathunthu ndinali ndikusaka kambale kotere.

Apulofesa, amene amandiyang'anira pa kafukufukuyu, anakweza magalasi awo pamphumi n'kukapenda kambaleko pafupi ndi windo.

"Apa ndiye mwakola chachikulu," anatero. "Jambulani chithunzi chabwino. Chimenechi chidzakhala pa tsamba loyamba."

Ndinajambula zithunzi zisanu ndi chimodzi, n'kusankha chokongola.

Musandiyese munthu wouma mtima. Chimene chinandilowetsa m'ntchitoyi ndi buku la malangizo limene madokotala onse amatsatira. Bukulo limati wodwala wotere ayambe ndi jakisoni wakutiwakuti, ndipo linalembedwa zaka khumi zapitazo, tizilombo tisanachenjere. Labu ya chipatalacho inasiya kalekale kudzala tizilombo chifukwa zipangizo zake zinatha, choncho madokotala amangobaya jakisoni wa m'bukumo n'kudikira kuona ngati wodwalayo adzuke. Ine ndinkafuna manambala okwanira kuti ndikawaike patebulo la akuluakulu olemba malamulo a zaumoyo, bukulo lisinthe. Ndinkadziona nditavala suti, ndikuwalozera chithunzi pakhoma, iwo akugwedeza mitu. Ndizo zimene ndinkalota ndikakhala m'basi.

Kafukufukuyo anali ndi lamulo limodzi limene ndinasayinira ndi dzanja langali: zotsatira zathu sizibwerera kwa wodwala. Labu yathu ndi ya ophunzira, ilibe chilolezo choyeza odwala, ndipo komiti yoona za kafukufuku inatilola kugwira ntchito pokhapokha ine ndisadziwe mwini nambala. Mayina anali m'buku lakuda, bukulo m'dirowa yokhoma, kiyi kwa namwino. Ine ndinkangolandira nambala, tsiku, wodi, zaka zongoyerekeza, ndiponso ngati munthuyo ali mwamuna kapena mkazi. Lamuloli ndinkalikonda, chifukwa linkandigonetsa tulo tabwino.

Sabata imeneyo amayi anga anali m'wodi ya amayi ya chipatala chomwecho. Anawagoneka Lachisanu, thupi likutentha, msana ukuwawa. Ndi mphunzitsi wopuma ntchito, ndipo ngakhale ali pa diripi sankalephera kudandaula za masipelo olakwika a pa zikwangwani za m'wodimo. Ndinkadziwa bwinobwino kuti timabotolo tanga timachokera m'mawodi omwewo. Koma m'mutu mwangamu wodi ndi labu sizinkakumana: kuwodi kunali amayi anga, ku labu kunali manambala. Msewu wa pakatipo ndinkauwoloka kawiri pa tsiku osaganiza kanthu.

Pabedi loyandikana ndi lawo, la pawindo, panagona mayi wina wa msinkhu wawo womwewo, telala, wojintcha, woseka ndi thupi lonse. Nawonso anagonekedwa Lachisanu lomwelo ndi matenda ofanana. Pofika Lamlungu awiriwa anali atadziwana mpaka azipongozi. Amuna awo a atelalawo, dalaivala wa basi wopuma ntchito, ankakhala pa benchi ya panja pa wodi, chipewa chili pabondo, kudikira nthawi yoona odwala.

Lachiwiri masana ndinafika ndi malalanje, jasi langa loyera likusuzumira m'chikwama.

"Adokotala a Timbale afika," amayi analengeza. Ndilo dzina limene anandipatsa kwathu atamva kuti udokotala wanga si wobaya anthu.

"Tabweretsani jasilo," anatero atelalawo. "Thumba lang'ambika ilo. Munthu wophunzira simungamayende ngati mwachokera kolimbana ndi galu."

"Lisiyeni, amayi, mukudwala."

"Zikudwala ndi impso. Zalazi zili bwinobwino."

Anatulutsa singano m'kachikwama ka pansi pa pilo. Ulusi woyera analibe, ndiye anasoka ndi wobiriwira. Iwo ali mkati mosoka, amayi anga anandifunsa chimene chinkandimwetulitsa chomwecho, popeza ndine munthu wa nkhope yolemera kuyambira ndili khanda. Ndinawauza kuti dzulo lake ndinavina m'labu.

"Iwe kuvina? Mwana ameneyu pa ukwati wa mlongo wake anangoima ngati mzati."

Ndinatulutsa foni n'kuwaonetsa chithunzi. Amayi anachiyang'ana n'kunena kuti chikufanana ndi buledi wochita nkhungu. Atelalawo anayandikitsa foniyo kumaso n'kukhalitsa nayo.

"Koma ndiye mabatani okongola," anatero. "Asanu ndi atatu, osokedwa mozungulira. Nanga limodzili bwanji lili ndi kolala yakeyake?"

Ndinafotokoza zonse, monyadira, ngati ndayamba kale kulankhula ndi akuluakulu aja. Ndinati batani la kolalalo ndiwo mankhwala okhawo amene angaphe tizilomboto, ena onsewo ndi madzi chabe.

"Ndiye mwini wake ali pamavutotu. Ndi ndani?"

"Sitidziwa mayina. Ndi nambala chabe."

"Mulungu amuthandize nambalayo," anatero, n'kudula ulusi ndi mano.

Lachitatu amayi anatenthanso thupi, ndipo anakwiyira namwino wa pa wodi chifukwa chowadzutsa. Atelalawo sanamalize lalanje lawo. Anati akumva kuzizira, amuna awo n'kuwafunditsa juzi pamwamba pa bulangeti. Ine ndinabwerera ku labu n'kulemba ndime ziwiri za 214, zimene Apulofesa anati ndi zakupsa.

Lachinayi masana amayi anandikodola kuti ndiwerame.

"Ndimafuna ndidzakuuze pa tsiku lolandira digiri, koma pakamwa pakundiyabwa," ananong'ona. "Inenso ndili m'buku lako. Lachisanu lija kunabwera namwino wa timabotolo, ndiye ndinati, mwana wanga akuvutika kusaka manambala, ine ndingamumane mkodzo? Ndinasayina. Anzanga a pawindowa nawonso ndinawakopa, anasayina."

Anaseka, kudikira kuti nane ndiseke. Ndinayang'ana botolo la jakisoni limene linali pa kabati ka pambali pa bedi lawo, kenako la pambali pa bedi la pawindo. Anali mankhwala amodzimodzi, a m'buku la malangizo aja. Pa kambale ka 214 mankhwala amenewo anali batani lachitatu, ndipo tizilombo tinali titalikwera mpaka pamwamba.

Sindikumbuka mmene ndinawolokera msewu. Ndikukumbuka dalaivala wina akunditukwana. Ku labu ndinatsegula kompyuta n'kusaka Lachisanu. Tsiku limenelo m'wodi ya amayi munachokera timabotolo tiwiri tokha, 214 ndi 215, tonse ta akazi a zaka za pakati pa makumi asanu ndi makumi asanu ndi limodzi. Ka 215 kanali kambale kabwinobwino, mabwalo oyera paliponse, kotero kuti Lolemba lija ndinangokalemba n'kukataya osakayang'ana kawiri. Mmodzi wa amayi awiri aja ankalandira mankhwala omuchiza. Winayo ankabayidwa madzi kwa masiku asanu ndi awiri.

Ndinaimbira foni Apulofesa. Anali ku msonkhano, ndipo ndinkamva masupuni akugunda makapu kumbuyo kwawo. Ndinawafotokozera mothamanga.

"Khalani kaye pansi," anatero. "Mukudziwa chifukwa chake lamulolo lilipo. Musanabwere inu, wophunzira wina anasokoneza manambala awiri, n'kukauza dokotala zabodza mosadziwa. Munthu anasinthidwa mankhwala popanda chifukwa. Timbale tathu palibe amene amatitsimikizira. Mukatsegula buku limenelo, komiti iimitsa kafukufuku yense, ndipo anthu mazana awiri amene anasayina aja adzakhala atapereka pachabe."

"Nanga ndichite chiyani?"

"Lembani kalata ku komiti. Ine ndisayina lero lomwe. Ndiyesa kuwaimbira apampando."

"Akumana liti?"

"Lachiwiri la sabata ya mawa."

"Ndi amayi anga, Apulofesa."

"Mwina si iwo," anatero motsitsa mawu. Ndikudziwa kuti ankafuna kundilimbitsa mtima. Koma mawu amenewo ndi amene ndinawatola n'kuwasandutsa pemphero. Ndinaima pakati pa labu, foni ili m'manja, n'kupempha Mulungu ndi mtima wanga wonse kuti 214 akhale mayi wa pawindo uja. Sindinanene kuti onse awiri achire. Ndinasankha, ndipo ndinasankha mosavutika.

Namwino wa kafukufuku ndinamupeza mu ofesi yake yopanikiza, akumata manambala pa timabotolo ta mawa lake. Ndi mayi wamkulu, wosalankhulalankhula, amene wagwira ntchito ndi ophunzira ambiri ndipo sanatengeke ndi mmodzi yemwe.

"Asisitala, mumadziwa kuti amayi anga anasayina?"

"Anati ndisakuuzeni. Komanso lamulo limati ndisakuuzeni. Kamodzikamodzi lamulo ndi amayi anu anagwirizana."

Ndinawaonetsa chithunzi. Iwo timbale sankationa, ntchito yawo inkathera pa timabotolo. Anawerenga mabataniwo ndi chala, n'kufika pa lachitatu, n'kuima.

"Izi mwaziona liti?"

"Lolemba."

Anavula magolovesi, n'kutenga chikwama chawo.

"Buku sindingakupatseni," anatero. "Ndili ndi ana atatu pasukulu. Ine ndikupita kukadya, ndibwera ikamakwana hafu pasiti thu. Ngati mukufuna tiyi, shuga ali m'chitini icho."

M'chitinimo munalibe shuga. Munali kiyi wamng'ono womangidwa pa kachingwe.

Buku lakuda lija linali lopepuka kuposa mmene ndinkaganizira. Ndinatsetsereka ndi chala: 212, 213, 214. Dzina linali pamenepo silinali la amayi anga. Lawo linali pamzere wotsatira, lolembedwa bwino, ndi saini yawo ya uphunzitsi ija yokhala ndi mchira.

Ndinakhala pansi penipeni, pa simenti. Ndinathokoza Mulungu mokweza mawu. Ndinaseka, misozi ikutsika. Chimwemwe chotere sindinachimvepo chibadwire, ndipo sindikufuna kudzachimvanso.

Tsopano ndinene chimene sindinauzepo munthu. Nditapukuta misozi, sindinathamange. Ndinabweza buku m'dirowa, kukhoma, kubweza kiyi m'chitini, n'kukhala pa mpando wa namwinoyo. Amayi anga anali pa mankhwala oyenera. Palibe anandiona. Ndikanatha kulemba kalata ija ya ku komiti monga ananenera Apulofesa, n'kudikira Lachiwiri ngati munthu womvera malamulo, ndipo palibe akanandiloza chala. Kafukufuku akanapitirira, buku la malangizo likanadzasintha, anthu masauzande akanadzapulumuka. Ndinadziuza zonsezi m'mawu omwewo amene ndimalemba m'mapepala anga, ndipo zinkamveka zanzeru. Pakhoma panali wotchi. Ndinakhala pamenepo mphindi khumi ndi zinayi.

Chimene chinandidzutsa sichinali chikumbumtima chachikulu ayi. Ndinapisa dzanja m'thumba la jasi kuti ndiikemo foni, ndipo foniyo sinagwe pansi monga inkachitira miyezi yonseyi. Chala changa chinakhudza msoko wa ulusi wobiriwira.

Ndinasindikiza zotsatirazo pa pepala, n'kulemba pamwamba pake dzina la atelalawo ndi dzanja langa, n'kuwolokanso msewu.

Dokotala wa pa wodi anali mnyamata wa msinkhu wanga, maso ofiira, kolala yopindika. Ndinamupeza pa tebulo la anamwino akulemba mafayilo. Anawerenga pepalalo kawiri.

"Mwazitenga kuti izi?"

Ndinamuuza.

"Palibe chidindo apa, achemwali. Mankhwala mukunenawa satuluka popanda zotsatira za chidindo ndi saini ya abwana. Ine ndikangolemba, kosungira mankhwala andibweza."

"Ndiye mupitiriza kuwabaya madzi?"

"Musandikalipire ine," anatero, osakweza mawu. "Ndakhala ndikuwaona akutsika kuyambira Lachiwiri. Ndimaganiza kuti mwina ndi shuga wawo. Ndinalibe choyezera. Inu munali nacho, kutsidya kwa msewuku."

Anapinda pepalalo, kuliika m'thumba, n'kunyamuka kukasaka dokotala wamkulu. Abwanawo anali ku chipinda cha opaleshoni mpaka madzulo. Atatuluka anawerenga, anang'ung'udza za ophunzira olowerera ntchito za eni, koma anasayina. Pofika nthawi imeneyo wosunga makiyi a mankhwala okhomedwawo anali ataweruka. Botolo loyamba linapachikidwa pa bedi la pawindo Lachisanu, nthawi ya naini m'mawa.

Atelalawo sanandizindikire. Milomo inali itauma, ndipo ankalankhula za diresi la mkwatibwi wina limene silinathe mpendero. Amayi anga, amene m'mawa umenewo anadzuka thupi litazizira bwino n'kupempha tiyi, anakhala pamphepete pa bedi lawo atagwira dzanja la mnzawoyo.

Potuluka, amuna awo a atelalawo anaimirira pa benchi paja, chipewa chili pachifuwa.

"Mwana wanga, akuti amene munathamanga ndi pepala dzulo ndinu?"

"Ndine, bambo."

"Mulungu akudalitseni. Ine zaka makumi atatu ndakhala ndikuyendetsa anthu, ndikudziwa munthu wofulumira ndikamuona. Mwafulumira, mwana wanga."

Anandigwira dzanja ndi manja awo onse awiri. Ndikanakonda akanandimenya mbama.

Masana amenewo ndinapita kwa Apulofesa n'kuwauza ndekha zimene ndinachita, osatchula za chitini cha shuga. Ndinati kiyi ndinachita kuba. Sanakalipe. Anavula magalasi n'kuwapukuta nthawi yaitali ndi nsonga ya tayi.

"Ndiyenera kudziwitsa komiti," anatero. "Kafukufuku aima kuyambira lero. Za digiri yanu sindikudziwa, ndikamenya nkhondo, koma sindikulonjeza."

"Ndamva."

Nditafika pakhomo anandiitananso.

"Kambale kaja nanenso ndinakaona Lolemba," anatero. "Ndinakuuzani kuti mujambule chithunzi chabwino."

Ndinayembekeza kuti apitiriza, koma anathera pomwepo. Ndinatseka chitseko pang'onopang'ono.

Atelalawo anawasamutsira ku chipinda cha odwala kwambiri Lachisanu madzulo. Loweruka m'mawa anamwalira. Dokotala wachinyamata uja anandiuza yekha pa khonde, osandiyang'ana kumaso. Anati tizilombo tinali titalowa kale m'magazi, mankhwalawo anafika impso zitasiya ntchito. Ndinamufunsa ngati akanachira tikanayamba Lolemba. Anati palibe angadziwe. Ndinamufunsanso, ndipo anati, "Achemwali, mukufuna ndinene chiyani?" n'kuchoka.

Loweruka ndi Lamlungu ndinapita ku labu ngakhale kunalibe ntchito. Ndinatsegula kompyuta n'kuwerenga timbale tonse tosamva jakisoni wa m'buku uja, monga ka 214. Ndinapeza makumi atatu ndi kamodzi m'chaka chimodzi. Kalikonse ndinakalemba bwino, m'mizere yowongoka, ndipo tina ndinatijambula. Manambala amenewo ndinali nditawawerengapo kambirimbiri, n'kuwasandutsa maperesenti, koma tsiku limenelo ndinkangofuna kudziwa amene ankakhala pa benchi panja pa wodi kuwadikira. Ndinazimitsa kompyutayo n'kukasanza ku sinki yotsukira timbale.

Amayi anawatulutsa Lolemba. Ndinapita kukawatenga. Ndinawapeza atavala kale, atakhala pabedi, akupinda zovala zawo mmene amapindira nthawi zonse, ngodya ndi ngodya. Masiku awiri onsewo anali asanandifunse kanthu, ndipo amene anaphunzitsidwapo ndi amayi anga amadziwa kuti akakhala chete ndiye kuti akuchonga.

Pabedi la pawindo panali patagona kale mayi wina, wowonda, wa duku lofiirira, diripi ili pamkono. Pa kabati kake panali botolo la jakisoni yemwe uja.

"Takhala apa," amayi anatero.

Ndinakhala.

"Chithunzi chija unationetsa Lachiwiri. Cha mabatani chija."

"Ee."

"Chinali cha ndani?"

Ndinayang'ana pansi. Iwo anagwedeza mutu ngati mwana wapereka yankho limene ankaliyembekezera.

"Unachijambula liti?"

"Lolemba."

Anatambasula dzanja n'kuyamba kupinda zala chimodzichimodzi, monga ankaphunzitsira ana a kalasi yoyamba. Lolemba. Lachiwiri. Lachitatu. Lachinayi. Anayang'ana zala zinayi zopindikazo.

"Ndiye Lachinayilo chinasintha n'chiyani?"

"Munandiuza kuti nanunso munasayina."

Ndinakonzeka kuti andikalipire. Ndinkafuna andikalipire, pamaso pa wodi yonse, monga ankachitira ndikabwera ndi malikisi oipa. Koma nkhope yawo inagwa, n'kuoneka okalamba kuposa tsiku limene anawagoneka.

"Ndiye ndine ndinachedwa," anatero. "Ndimati ndikudabwitse pa digiri. Ndikanakuuza Lachisanu lomwe lija, bwenzi Lolemba utathamanga."

"Ayi, amayi. Si inu. Sizimafunika kuti mukhalemo inu kuti ine ndithamange."

"Koma zinafunika," anatero.

Anaimirira, n'kukana kuti ndiwagwire mkono. Anayenda pang'onopang'ono mpaka pa bedi la pawindo, n'kuwerama monga amachitira popereka moni kwa munthu wodwala.

"Mwadzuka bwanji, anzanga?"

"Pang'ono, amayi. Msanawu."

"Pepani. Tandiuzani, muli ndi mwana wogwira ntchito ku labu?"

Mayiyo anadabwa nalo funsolo. Anayesa kumwetulira.

"Ayi. Wanga ndi mmodzi, amagulitsa nsapato."

Amayi anamukonzera bulangeti kumapazi, n'kuwerenga dzina la pa botolo la jakisoni lija, milomo ikuyenda. Kenako anatembenuka n'kundiyang'ana, chikwama chawo chili m'manja mwanga, ndipo sanasunthe kupita kukhomo.